Mafuta Akatayika Pafupi ndi Mtsinje kapena Dambo: Zoyenera Kuchita Thandizo Lisanafike

Kuno ku Chigawo cha Kum'mawa m'Zambia kulibe paipi ya mafuta. Ya TAZAMA, imene inatsegulidwa mu 1968, imachokera ku Dar es Salaam, kulowera cha ku Nakonde, kudutsa Chinsali ndi Mpika mpaka ku Ndola, mtunda wa makilomita 1,710, ndipo kuyambira 2023 imanyamula dizilo woyenga kale. Athu amabwera pa matayala: mathanka a malita 30,000 mpaka 40,000 amene amakwera mapiri a ku Luangwa pa Great East Road, kudutsa Nyimba, Sinda ndi Katete, ena n'kulowera pa Chanida kuchokera ku Beira. Thanka ikagwa pa mlatho kapena pa kalavati, oyamba kufika amakhala anthu a m'mudzi wapafupi, ndipo zimene iwo achite m'maola awiri kapena atatu oyambawo ndizo zimagamula ngati dimba ndi chitsime zipulumuke.

Zina mwa njira zimene zili pansipa zinaphunziridwa mowawa kunja, pa ngozi za mapaipi onyamula mafuta a mchenga wa phula a ku Canada. Mafuta amenewo ali m'gulu la ovuta kwambiri akalowa m'madzi, choncho amene wamvetsa khalidwe lawo savutika kumvetsa la dizilo.

Yambani ndi kudziwa mafutawo

Petulo ndi wopepuka, amauluka msanga, ndipo ngozi yake yaikulu ndi moto. Nthunzi yake imalemera kuposa mpweya, choncho simakwera kumwamba koma imakwawa pansi, kutsata ngalande ndi makwawa, n'kukapeza moto wa mbaula kutali ndi pamene pagwera thanka. Dizilo sayaka msanga chomwecho, koma amalowa m'dothi n'kukhalamo miyezi. Onse awiri amayandama pa madzi.

Mafuta a mchenga wa phula ndi nkhani ina. Amakumbidwa m'chigawo cha Alberta, makamaka kufupi ndi Fort McMurray m'mbali mwa mtsinje wa Athabasca, kumene phula linasakanikirana ndi mchenga ndi dongo. Phulalo ndi lolimba ngati chiponde cha nsawa, silingayende m'paipi lokha. Amalisungunula ndi mafuta ena opepuka kwambiri, pafupifupi magawo atatu pa khumi, ndipo chosakanizacho amachitcha dilbit. Paipi ikaphulika, zinthu ziwirizi zimasiyana. Zopepuka zija zimauluka, kudzaza mpweya ndi benzene amene amayambitsa khansa ya m'magazi. Phula lotsala limalemera tsiku ndi tsiku, limagwirana ndi matope oyenda m'madzi, kenako limamira.

Zinaoneka bwino mu July 2010 kufupi ndi tauni ya Marshall ku Michigan m'dziko la America, pamene paipi ya kampani ya Enbridge yotchedwa Line 6B inang'ambika pafupifupi mamita awiri n'kuthira malita oposa 3 miliyoni m'kamtsinje ka Talmadge, kolowera mu Kalamazoo. Zida zimene anabweretsa zinali zowengula mafuta oyandama. Patapita masiku, ambiri anali atamira. Mtsinjewo unatsekedwa pafupifupi zaka ziwiri pa mtunda woposa makilomita 50, mu 2013 boma linalamulanso kampaniyo kukumba matope a pansi, ndipo ntchito yonse inadya ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Mitsinje yathu ya nthawi ya dzinja, monga Lutembwe ndi Luangwa, imayenda ndi matope ofiira ambiri, ndipo matope ndiwo amamiza mafuta olemera. Ngakhale oilo wakale wa injini ndi mafuta akuda a m'mafakitale amatha kuchita chimodzimodzi.

Choncho funso loyamba kwa dalaivala, ngati ali bwino, ndi lakuti wanyamula chiyani. Ngati sangathe kulankhula, yang'anani chikwangwani cha pa thanka muli patali: nambala 1203 ndi petulo, 1202 ndi dizilo, 1223 ndi palafini.

Ola loyamba ndi la anthu

Chotsani aliyense mtunda wa mamita osachepera 50 mbali zonse, ndipo ngati mafuta akutuluka ambiri, mamita 300 kumbali imene mphepo ikupita. Thanka ikayamba kuyaka, mtunda ndi mamita 800. Imani kumtunda komanso kumene mphepo ikuchokera. Zimitsani mbaula ndi moto wa m'khichini m'nyumba zoyandikira, imitsani njinga zamoto, ndipo wina asayese kuchotsa batire pa galimoto yogwayo, chifukwa kamoto kamodzi ka pa waya n'kokwanira. Imbirani apolisi pa 991 ndi ozimitsa moto pa 993, kenako dziwitsani a khonsolo, a zaumoyo ndi a ZEMA, bungwe la boma loyang'anira chilengedwe.

Chovuta kwambiri ndi zigubu. Anthu amaona ngati ndi mwayi wogwa kumwamba. Mu November 2016 pa Caphiridzange m'chigawo cha Tete, kufupi ndi malire a Malawi, anthu oposa 70 anafa thanka itaphulika iwo akutunga petulo. Mu August 2019 ku Morogoro m'dziko la Tanzania zinachitikanso, ndipo oposa 60 anafera pomwepo. Mawu a mlendo samveka pa nthawi ngati imeneyi. Amene angabweze anthu ndi a nyakwawa, a mpingo ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, choncho nkhaniyi iyenera kukambidwa pa msonkhano wa mudzi ngozi isanachitike, makamaka m'midzi ya pa zitunda ndi pa makona odziwika.

Ngati ndi petulo, ntchito yanu yathera pamenepa: chotsani anthu, dikirani akatswiri. Kuunjika petulo malo amodzi n'kupanga dziwe la moto. Zotsatirazi ndi za dizilo ndi mafuta olemera, ndipo zichitike kutali ndi thanka, kumunsi kumene mafuta sanafike.

Kuwatsekera njira pa mtunda

Mafuta amene ali pa dothi ndi osavuta kuchotsa kuyerekeza ndi amene alowa m'madzi, choncho thamangirani kutsogolo kwawo. Onani kumene madzi a mvula amapita kuchokera pamenepo. Mafuta apitanso komweko. Tsekani pakamwa pa kalavati ndi matumba a feteleza odzaza dothi, ndipo kutsogolo kwa matumbawo yalani pepala lakuda la pulasitiki. Mu ngalande ya msewu unjikani mlambala wa dothi wotalika masentimita 40 mpaka 50, woumbidwa ngati chikwakwa, nyanga zake zoloza kumtunda. Dothi la chulu ndi dongo la m'dambo zimagwira bwino. Mchenga umadutsitsa. Mangani milambala iwiri kapena itatu motsatizana, chifukwa woyamba nthawi zambiri umagumuka.

Musakumbe dzenje lakuya losungiramo mafuta pafupi ndi dambo. Madzi a pansi pamenepo ali pafupi, mwina mita imodzi yokha, ndiye dzenjelo limangowatsegulira khomo. Ngati palibe kuchitira mwina, likhale losaya ndipo liyalidwe pulasitiki.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma n'kuononga. Kutsuka msewu ndi madzi kumangokankhira mafuta ku mtsinje. Kuthira sopo wa ufa kumawaphwanya kukhala timadontho tosaoneka timene timasakanikirana ndi madzi n'kupha nsomba zambiri kuposa poyamba. Kuwotcha udzu wonyowa ndi mafuta kumasiya phula pansi, utsi n'kulowa m'zifuwa za ana.

Akafika m'madzi

Pa kamtsinje kakang'ono, kosapitirira mamita atatu kapena anayi m'lifupi, njira yodalirika ndi damu lodutsitsa madzi pansi. Sankhani malo amene madzi akuyenda pang'onopang'ono, magombe ake ndi okwera, ndipo galimoto ikhoza kufikapo. Mangani khoma la matumba a dothi kudutsa mtsinje. M'kati mwa khomalo ikani mapaipi a pulasitiki a mamilimita 110 mopendeketsa: mbali ya kumtunda ikhale pansi, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa matope, mbali ya kumunsi ikhale yokwera. Kukwera kwa kamwa la kumunsi ndiko kumaika msinkhu wa madzi m'dziwelo. Madzi oyera amalowera pansi n'kutulukira kumunsi, mafuta amatsala akuyandama kuseri kwa khoma.

Kumene anthu amalakwitsa ndi kuchuluka kwa mapaipi. Akachepa, madzi amakwera n'kusefukira pamwamba, kutenga mafuta onse amene munaunjika. Ikani ochuluka kuposa amene mukuona kuti akufunika, ndipo khoma lipitirire msinkhu wa madzi ndi masentimita 30. Kamwa la kumtunda likakhala pafupi kwambiri ndi pamwamba pa madzi, pamabadwa kamzungulire kamene kamakokera mafuta m'paipi. Mukaona zimenezi litsitseni. Mvula yamphamvu ikayamba kumtunda, chotsani msanga mafuta amene mwasonkhanitsa, chifukwa damu la matumba silingapirire chigumula.

Chomwetsera mafuta tili nacho chabwino kuposa ambiri: thonje. Thonje losachapa, longochoka m'munda, lili ndi sera yachilengedwe imene imakana madzi koma imamwa mafuta kuposa kakhumi kulemera kwake. Lisokereni m'masaka a anyezi kapena m'neti yakale, mupange mitanda yaitali ngati soseji, n'kuiyala pa madzi. Musaiyale mowongoka kudutsa mtsinje. Ipendeketseni kuti mafuta azitsetserekera ku gombe limodzi kumene mungawawengule ndi ndowa. Udzu wouma ndi mapesi omanga m'mitolo amathandizanso. Utuchi ndi makoko a nsawa ndi za pa mtunda pokha. M'madzi zimanyowa n'kumira pamodzi ndi mafutawo. Zonse zimene zamwa mafuta ziikeni m'migolo kapena pa pulasitiki, zifunditsidwe, ndipo ogwira ntchito avale majombo ndi magolovesi a labala. Amene wayamba kumva mutu kapena chizungulire achoke pomwepo. Amayi oyembekezera ndi ana asayandikire n'komwe.

Tumizani uthenga kumunsi mwachangu: a madimba azimitse mapampu, ng'ombe zikamwe kwina, ndipo ngati mtsinjewo umathira m'damu la madzi a m'tauni, a Eastern Water and Sanitation Company adziwe nthawi yomweyo kuti atseke potungira. Mu July 2016 paipi ya kampani ya Husky ku Saskatchewan m'dziko la Canada itathira malita pafupifupi 225,000 a mafuta olemera, mbali ina n'kulowa mu mtsinje wa North Saskatchewan, mizinda ya North Battleford ndi Prince Albert inatseka potungira madzi kwa milungu ingapo, Prince Albert n'kuyala paipi yapadera kukatunga ku mtsinje wina.

Kufufuza amene amira

Madzi akaoneka oyera pamwamba, ntchito sinathe. Tengani nsungwi yaitali, muzibaya matope a pansi m'malo amene madzi amadekha: m'maiwe, m'kati mwa makona, kuseri kwa madamu, m'mabango. Ngati pansi pali mafuta, pamwamba pamatuluka timadontho takuda kapena utawaleza. Ku Kalamazoo anafufuza mtsinje wonse m'njira yomweyi, munthu ali m'bwato ndi mtengo m'manja. Nsalu yoyera yomangirira ku mwala, mukaikoka pansi, imaonetsanso. Lembani malo aliwonse amene mwapeza, ndipo bwerezani mvula yoyamba ikagwa komanso m'miyezi yotentha ya October ndi November, pamene phula limafewa n'kuyamba kutulutsanso mafuta.

M'madambo mwathu muli utawaleza wina wachilengedwe, wochokera ku tizilombo todya chitsulo cha m'dothi, ndipo wakhala ukukanganitsa anthu pachabe. Uyeseni ndi kamtengo. Wachilengedwe umasweka zidutswazidutswa ngati galasi ndipo subwererana. Wa mafuta umazungulira kamtengoko n'kulumikizananso, ndipo umanunkha.

Madzi akumwa ndi umboni

Chitsime kapena mjigo zikayamba kununkha mafuta, zitsekeni. Kuwiritsa sikuchotsa dizilo, ndipo nthunzi yake mumaipuma m'khichini. Klorini amapha tizilombo basi. Mphuno si muyeso wodalirika: malire a WHO (bungwe la zaumoyo la dziko lonse) a benzene m'madzi akumwa ndi mamiligalamu 0.01 pa lita, mlingo umene munthu sangaumve fungo. Musapope kwambiri mjigo woyandikira malo a ngozi poganiza kuti mukuutsuka. Kupopako kumakokera mafuta ku mjigowo.

Lamulo la chilengedwe la Zambia la 2011 limati woononga ndiye alipire, koma chipukuta misozi chimatsata umboni. Jambulani nambala ya galimoto, dzina la kampani, chikwangwani cha katundu ndi njira imene mafuta anadutsa, tsiku lililonse pa malo omwewo. Lembani tsiku ndi ola. Yezani dimba lililonse lokhudzidwa, muwerenge mabedi a tomato, repu kapena anyezi, mwini wake asainire pamaso pa a nyakwawa ndi mlangizi wa zaulimi. Madzi okayezetsa atungidwe m'botolo la galasi loyera, chifukwa pulasitiki imamwa mafuta n'kusokoneza zotsatira. Lidzazeni mpaka pakamwa osasiya mpweya, litsekeni, liikeni m'bokosi la ayezi, ndipo lifike ku labotale m'masiku ochepa. Tungani malo atatu: kumtunda kwa ngozi, pa ngozi, ndi kumunsi. Popanda botolo la kumtunda, kampani idzanena kuti mtsinjewo unali woipa kale. Pemphani kuti ayeze TPH (kuchuluka kwa mafuta onse m'madzi) ndi BTEX (benzene ndi mankhwala ena atatu ofanana naye). Kuyeza kwa nthawi zonse kwa madzi akumwa sikuona mafuta.

Dothi loipitsidwa ndi zinyalala zoopsa, ndipo kulichotsa ndi udindo wa mwini mafuta kudzera mwa anthu ovomerezedwa ndi ZEMA. Musalole kuti angothira dothi latsopano pamwamba n'kumapita. La dizilo limachira likakumbidwa, kuyalidwa masentimita 20 mpaka 30 pa pulasitiki yozunguliridwa ndi mlambala, kusakanizidwa ndi manyowa a ng'ombe kapena nkhuku, kukhala lachinyezi ngati la nazale ndi kugauliridwa sabata iliyonse kwa miyezi ingapo. Tizilombo ta m'manyowa timadya dizilo. Phula satha kulidya mokwanira, choncho dothi la phula liyenera kuchotsedwa ndithu.

Akadzabwera ndi mapu a paipi

Nkhani za mapaipi atsopano sizikutha m'dera lino la Africa. Ya EACOP, ya makilomita 1,443 kuchokera ku Hoima ku Uganda mpaka ku Tanga ku Tanzania, inakonzedwa kuti izitenthetsa mafuta ake pa madigiri 50 chifukwa amaundana. Ku Madagascar kuli mchenga wa phula ku Bemolanga. Ntchito yaikulu ngati imeneyi isanayambe m'Zambia, mwini wake amayenera kuchita kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe, kukumana ndi anthu okhudzidwa, ndi kupereka lipoti ku ZEMA. Pa misonkhano yotereyi nthawi yambiri imathera pa ntchito za achinyamata ndi mitengo ya mango yodulidwa. Mafunso amenewo ndi oyenera, koma pali ena amene amaiwalika.

Funsani chimene chidzayende m'paipi, ndiponso ngati chilolezo chikuwalola kusintha mtsogolo osabweranso kwa inu. Paipi ya Pegasus, yodutsa ku Arkansas m'dziko la America, inamangidwa m'zaka za m'ma 1940, inatembenuzidwa mu 2006 kuti izinyamula mafuta olemera a ku Canada, ndipo mu March 2013 inaphulika m'tauni ya Mayflower, nyumba 22 n'kusamutsidwa.

Funsani mtunda wa pakati pa mavavu otsekera, kenako werengani nokha. Paipi ya mainchi 8, ngati mbali yaikulu ya TAZAMA, imasunga malita pafupifupi 32,000 pa kilomita, ndiye kuti thanka imodzi. Mavavu akatalikirana makilomita 20, pakati pawo pali mathanka 20, ndipo mbali imene ili kumtunda kwa pong'ambika imatha kukhuthuka ngakhale mapampu atazimitsidwa. Ya mainchi 30 ngati Line 6B imasunga malita oposa 400,000 pa kilomita. Mavavu ayenera kukhala mbali zonse ziwiri za mtsinje uliwonse waukulu.

Musakhutire ndi yankho lakuti makompyuta amaona kudontha kulikonse. Ku Marshall mabelu analira, koma oyang'anira anaganiza kuti m'paipi mwangolowa mpata, anayatsanso mapampu kawiri, ndipo mafuta opitirira magawo 80 pa 100 anatayika nthawi imeneyo. Panapita maola 17, ndipo amene anawadziwitsa ndi wogwira ntchito ku kampani ina ya gasi amene anapeza mafutawo. Mng'alu umene unaphulikawo unali utaoneka kale pa kuyeza kwa 2005. Ngakhale paipi yatsopano imalephera: Keystone, imene inayamba ntchito mu 2010, inathira migolo pafupifupi 13,000 ya malita 159 m'kamtsinje ka Mill Creek ku Kansas mu December 2022, chifukwa cha chowotcherera cholakwika pa kona.

Funsani kuya kwa paipi pansi pa mtsinje. Mu July 2011 chigumula cha mtsinje wa Yellowstone ku Montana chinakokolola matope, kuvundukula paipi n'kuithyola. Amene amadziwa mmene Luangwa amasinthira njira yake chaka ndi chaka akhoza kuona kuti mita imodzi kapena iwiri n'kusewera.

Pa za nyengo, pemphani kuti lipoti liwerengere utsi wa mafuta onse amene paipi idzanyamule pa moyo wake, chifukwa ambiri amangolemba wa mathirakitala omangira. Mgolo umodzi ukawotchedwa umatulutsa makilogalamu pafupifupi 430 a carbon dioxide, mpweya wotenthetsa dziko, lita ya dizilo makilogalamu 2.7. Paipi ya Trans Mountain ya ku Canada, imene inakulitsidwa mu May 2024 kufika migolo 890,000 pa tsiku, ikadzaza imanyamula mafuta otulutsa matani oposa 380,000 tsiku lililonse. A mchenga wa phula amaonjezera pamenepo: mgolo umodzi umafuna kukumba matani awiri a mchenga, kapena kuwotcha gasi wambiri wopangira nthunzi yosungunulira phula pansi, ndipo maiwe a madzi oipa otsala ku Alberta apitirira malita 1 thiliyoni. Kafukufuku wa boma la America wa 2014 wokhudza Keystone XL, paipi imene ankafuna kumanga kuchokera ku Canada kupita ku America, anapeza kuti utsi wawo wonse umaposa wa mafuta wamba ogwiritsidwa ntchito kumeneko ndi magawo 17 pa 100. Paipi imamangidwa kuti igwire ntchito zaka makumi anayi kapena kuposerapo, ndipo ya TAZAMA yadutsa kale makumi asanu. Alimi amene anaona chimanga chikupsa m'munda pa chilala chimene boma linachitcha tsoka la dziko mu February 2024 ali ndi ufulu wofunsa masamu amenewa.

Mayankho onse alowe m'maminitsi a msonkhano, ndipo kope limodzi litsale kwa amfumu. Musanalole khasu loyamba, umirirani kuti madzi a chitsime, mjigo ndi mtsinje uliwonse wa m'mbali mwa njirayo ayezedwe TPH ndi BTEX kawiri, m'chilimwe ndi m'dzinja, kampani ilipire, ndipo mapepala a zotsatira, okhala ndi tsiku ndi dzina la malo, asungidwe ku komiti ya madzi ya mudzi uliwonse.